Duwa Loyera ndi Nsalu ya Maliro

Kalekale, zithunzi zikadatuluka zakuda ndi zoyera basi, mlongo wanga Chimtengo, wojambula uja, anamwalira. Tsiku logawa katundu tinalipo ine zakhali, ana ake awiri, Zione ndi Lekani, komanso Nasibeko, mkazi wake wachiwiri amene anawapeza anawo. Malume awo a ku Dedza, oyenera kudula nkhani, sanabwere. Anangotumiza mawu akuti miyendo yatupa.

Mbale ndi mipando sizinavute. Chinavuta ndi kamera, chifukwa ndiyo inkadyetsa nyumba yonse. Ali gone pamphasa, malemu ananena ine ndikumva kuti kamerayo idzakhala ya amene adzatulutse chithunzi chooneka bwino cha maluwa amene iye anadzala pakhomo.

Zione ndiye analimba mtima. Anali asanaigwirepo, koma anagwada m'fumbi najambula maluwa ofiira, poti ndiwo anali okongola. Atakatsukitsa filimu kuboma, duwa ndi masamba zonse zinatuluka zotuwa ngati phulusa. Analira, koma anagulitsa nkhuku yake nagula filimu ina.

Lekani sanaikhudze kamerayo, manja ake ankanjenjemera ndi kachasu. Koma pakamwa pake panali lumo. Anayala zithunzi za mlongo wakezo pakhonde anthu akuona, nati, "Achemwali, kamera ya bambo sidziwa kufiira. Mukujambula zoona inu, osati zoona iyo. Pitani pa duwa loyera lija." Zione sanamuyankhule mpaka sabata inatha, komabe anapita pa duwa loyeralo.

Nasibeko sankadziwa n'komwe kuti kunja kukujambulidwa. Anachapa nsalu yake yakuda ya maliro nayanika kumaso kwa nyumba, pomwe ine ndinamuletsa kawiri konse kuti chovala cha misozi sayanika poyera. Zione akudina komaliza, mphepo inakankha nsaluyo n'kuima kuseri kwa duwa. Mtsikanayo anamukalipira mayiyo kuti wamuonongera filimu.

Zithunzi zitabwera, Zione anachiponya pambali chimenecho osachiyang'ana. Lekani ndiye anachitola. Duwa linali mbee pa mdima wa bii, ngati munthu wayatsa nyali, mitsempha yake yonse ikuoneka.

"Chala chinali changa," anatero Zione.

Lekani anati chala chopanda maso chikanamaliza nkhuku zonse za pamudzi. Nasibeko anayankhula motsitsa, maso ali pansi: "Alamu, amuna anga sanandisiyire mwana kapena munda. Mwina nsalu ija anaikankha ndi iwo."

Ine ndinanyamula kamerayo ndi kukaitsekera m'bokosi langa, ndipo ili momwemo. Zotsala nazi. Nkhuku ya Zione palibe anabweza. Lekani sanapepese chipongwe cha pakhonde, komanso palibe anamuthokoza potola chithunzi. Zione sanapepese kwa mayi ake omupeza, nayenso Nasibeko sanandipepese ine pa nsalu ija. Malume a ku Dedza miyendo sinaphwebe.

Ine maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo kiyi sindikufuna kupita naye kumanda. Tsono inu mwamva nkhaniyi, ndiuzeni: ndimutsegulire ndani bokosili, amene anadina, amene ananyoza mpaka mnzake anaona, kapena amene anaphwanya mwambo mphepo n'kumuthandiza?