Kapini ka Tayala la Kutsogolo

Bamboyo anali wometa tsitsi, munthu wa manja odekha koma mutu wouma ngati chitsa. Akaweruka, mtima wake wonse unkakhala pa kagalimoto ka rimoti, kokoka ndi matayala onse anayi, kamene ankapikisana nako ndi anzake pabwalo la miyala kuseri kwa msika. Tsiku lina kanagwera m'ngalande n'kuthyoka mashafiti akutsogolo, tizitsulo timene timazunguza matayala. Atapeza atsopano, anayala nyuzipepala pansi pabalaza n'kukhala chotambalala pakati pa masikuluu.

"Bambo a mwana, kakonzereni patebulo," anatero mkazi wake akusita zovala pakhomo la kuchipinda. "Mwanayu masiku ano chilichonse n'cha m'kamwa."

"Patebulo zimagubuduka. Inu sitani, maso ndili nawo awiri ine."

Anamasula tayala, nachotsa shafiti yothyoka, n'kuika pambali kapini kogwira tayalalo, kachitsulo kosongoka kofanana ndi kachidutswa ka machesi. Mwana wawo wamkazi, wongoyamba kumene kukwawa, anabwera n'kugwira bondo la bambo ake. Iwo anangomusuntha ndi chigongono, maso ali pa shafiti yatsopano imene inkakana kulowa.

Italowa, bamboyo anapapasa panyuzipepala. Kapini palibe. Anaikutumula, nasuzumira kunsi kwa mpando. Apo m'pamene anamva kumbuyo kwake kaphokoso kachilendo, ngati nkhuku yotsamwidwa. Mwana anali atakhala tsonga, maso ali tong'o, dovu lili chuchuchu, akuyesa kulira koma mawu akutuluka mosasa.

Bamboyo anadzambatuka.

"Mayi a mwana," anaitana ndi mawu osakhala ake. "Kapini sindikukaona."

Mayiyo anaponya simbi pansi. Bamboyo anafuna kupisa chala m'kamwa mwa mwana, koma mkazi wake anamumenya dzanja. "Mukakankhira mkati! Thamangani mukaimitse galimoto!"

Njira ya kuchipatala inatalika ngati ya kumanda. Mwana ankati akakhosomola n'kukhala zii, mutu uli lendelende paphewa la mayi ake. Nthawi iliyonse akatero, bamboyo ankaika khutu pamphuno pake kuti amve ngati mpweya ukutuluka. Atafika, anathamangira naye mkati.

Atamujambula mwana, dokotala anawaonetsa chithunzi. Pakati pa tinthiti tating'onoting'ono panali kamzere koyera, kopingasa.

"Kaima pammero," anatero dokotalayo. "Kakasuntha molakwika kakhoza kuboola. Timugoneka tulo kuti tikachotse pompano."

Namwino ananyamula mwana, chitseko n'kutsekeka. Awiriwo anakhala pabenchi. Bamboyo ankalakalaka mkazi wake atamulalatira, ngakhale kumutukwana kumene, koma mayiyo anangofumbata kansapato ka mwana, milomo ikupemphera chamumtima. Chitseko chikati kwee, bamboyo ankaimirira. Pankatuluka wokolopa. Pankatuluka namwino wina wosawayang'ana n'komwe.

Pomaliza dokotala anatuluka akuvula kansalu kakukamwa.

"Katuluka. Kanakanda pang'ono, ndiye agona kuno kuti timuone, koma achira."

Bamboyo anakhala pansi pasimenti, anthu akumulambalala. Atawalola kulowa, anapeza mwana akutsegula maso mwaulesi. Bambo ake anatambasula manja kuti amunyamule, koma mkazi wake anamutchinga ndi phewa, nakumbatira mwanayo yekha. Bamboyo anaima kumiyendo kwa bedi, manja ali lende, osadziwa powaika.

Mawu amene anawakana ali pabalaza pake anadzawamvera m'khonde la chipatala. Akulu sananame: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.