Denga Lopanda Popumira

Nyumba imene a Absalom ndi akazi awo a Nellie anagula ku Leicester, kudziko la Azungu, inali ngati dengu lotungira madzi. Hita ankayaka tsiku lonse, koma kutentha konse kunkathawira kudenga. Anzawo a kuntchito anawauza kuti mankhwala ake n'kuyala insuleshoni, chithonje chija chofunditsa nyumba, pamwamba pa siling'i.

Loweruka lina a Absalom anakwera okha n'kuyala bwinobwino. Koma m'mbali, pamene denga limakumana ndi khoma, anaona timipata tolowetsa kamphepo. Iwo anakulira ku Dedza, kumene munthu ukaona mng'alu pakhoma nyengo yozizira umamata tsiku lomwelo. Anatenga zotsala n'kutseka kampata kalikonse.

Akutaya zinyalala panja, anaitanidwa ndi a Mahmood, oyandikana nawo nyumba, mbadwa ya ku Limbe, eni sitolo ya zipangizo zomangira.

"Achimwene, mwafunditsa nyumba eti? Mwachita bwino. Koma timipata ta m'mbali musatseke. Denga la kuno limapuma."

"Kupuma? Lili ndi mapapo?"

"Nthunzi ya kubafa ndi kukhitchini imakwera. Ikasowa potulukira imasanduka madzi. Ndili ndi timapulasitiki toteteza mipatayo, ndikubweretsereni?"

A Absalom anangoti zikomo, wa pakamwa chabe. Atalowa m'nyumba anatseka katani.

"Mwamumva? Wakhala akundisuzumira chiyambire m'mawa. Wasitolo akakupatsa moni, maso amakhala ali pathumba."

"Bambo a Pempho," anatero a Nellie, "munthuyu wakhala kuno zaka makumi anayi. Inu zisanu zokha."

"Ndiye adziwe denga langa kuposa ine? Akungofuna aone zimene timasunga m'mwambamo."

M'mwambamo munalidi chuma: katoni ya zitenje zofanana zimene achemwali a Nellie anatumiza kuchokera ku Lilongwe, zoti abale onse adzavale pa chinkhoswe cha Pempho, mwana wamkazi wa a Absalom ndi a Nellie, m'mwezi wa Malichi.

Dzinja la Azungu linafika, ndipo nyumba inafundadi. A Absalom ankayenda opanda juzi, akudziguguda pachifuwa. A Mahmood anafunsanso kawiri za mipata ija. Kachitatu sanawapeze, chifukwa a Absalom anali atayamba kutulukira khomo la kuseri.

Kutatsala milungu itatu kuti chinkhoswe chichitike, a Nellie anakwera kukatenga nsalu zija kuti apite nazo kwa telala. Dontho linawagwera pakhosi. Atawalitsa foni, anaona denga lonse likuchita thukuta. Katoni inangophwasuka m'manja ngati buledi wonyowa, zitenje zitachita chuku chakuda bii, chimene sopo aliyense anachilephera. Atafunsa ku Lilongwe, achemwali aja anayankha kuti zitenje za mtundu umenewo zinatha kalekale.

A Nellie sanakalipe. Anangoyanika nsalu imodzi pampando umene amuna awo amakonda kukhala.

M'mawa mwake a Absalom anatulukira khomo la kumaso n'kukagogoda kwa a Mahmood. Iwo anabwera ndi timapulasitiki tija, ndipo za malipiro anakana ndi dzanja. Anagwirira makwerero pamene mwini nyumba ankazula yekha zimene anatseka yekha, kamphepo kakumuwomba kumaso.

Pa chinkhoswe, a kuchimuna anafika atavala zofanana ngati kwaya. A kuchikazi aliyense anavala chimene anapeza, ndipo Pempho anaona kusiyanako.

Si aliyense wokuchenjeza amene ali ndi kampeni kumphasa. Akuluakulu ananena kale: wakutsina khutu ndi mnansi.