Dzina Lolembedwa Kawiri

Che Silaji anafika pakhomo pa Shehe Lajabu Lachinayi masana, njinga akuikoka ngati yawalakwira, kapepala kali m'manja. Salamu anapereka ndithu, koma ya pakamwa pokha. Bambowa ankagulitsa zipangizo za njinga pamsika wa Ntaja, ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: swala, pemphero la Asilamu, sankadumphitsa, komanso munthu wowabera ngakhale tambala imodzi ankalimva dzina lake likutchulidwa msika wonse.

Shehe anali pakhonde, akutsuka timatabwa tomwe ana a madrasa amalembapo. Anayankha salamu yonse mpaka kumapeto kwake, n'kuyala mkeka.

"Khalani pansi, Che Silaji. Kunyumba ali bwanji? Nanga mayi athu ku Nselema?"

"Onse ali bwino," anatero Che Silaji mothamanga, ngakhale za ku Nselemako sankazidziwa. Chiyambanireni ndi mayi awo pa nkhani ya dimba lomwe mayiwo anakana kuwapatsa, anali asanapondeko phazi. "Shehe, sindikhala. Ndabwera kudzakuuzani kuti m'bungwe mwathu muli mbava."

Mzikiti wa kumeneko uli ndi bungwe la maliro. Nyumba iliyonse imasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo imfa ikagwa, bungwe limagula sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo, n'kuthandiza anamfedwa ndi ufa ndi nkhuni. Zaka zonsezi amene ankakapereka ndalama za kwa Che Silaji anali akazi awo. Mwezi umenewu akazi awowo anali kwawo kukadwazika matenda, choncho risiti inafikira m'manja mwa bambo. Ataiyang'ana, mtima unawira. Dzina lawo linalembedwa kawiri, mzere wapamwamba ndi wapansi, ndalama zake zofanana ndendende. Wolemba anali Che Asedi, msungichuma wa bungwe.

"Taonani nokha," anatero, kapepala akukagwedeza pafupi ndi ndevu za Shehe. "Silaji, Silaji. Kodi ndili ndi mnzanga wa mapasa ine? Munthu ameneyu wakhala akudya thukuta langa chifukwa ankadziwa kuti akazi anga safunsa mafunso. Mawa tikangotha swala ya Ijumaa ndiimirira pamaso pa anthu onse, ndimutchula dzina, atule pansi udindo. Mzere wachiwiriwu aufufute ndikuona."

Shehe anapukuta manja pa mkanjo wawo, nalandira kapepala ndi manja awiri. Anakayang'ana nthawi yaitali kuposa momwe mizere iwiri imafunira.

"Mwawafunsa eni ake, Che Asedi?"

"Mbava saifunsa."

"Nanga pamsika mwauzapo anthu?"

Che Silaji anazengereza pang'ono. Anali atauza wogulitsa nyama, telala, ndi aliyense amene anabwera kudzagula sipoko m'mawa umenewo. "Awiri atatu," anatero.

"Allah atikhululukire," anatero Shehe chapansipansi. "Ndiloleni ndikufunseni, mwina ukalamba wandisokoneza. Chopereka chimodzi chimathandiza anthu angati?"

"Nyumba imodzi. Aliyense amadziwa zimenezo."

"Inu nyumba muli nazo zingati?"

Apa ndiye Che Silaji anapsa mtima kwenikweni, poganiza kuti Shehe akuwanena za mitala yobisa. "Shehe, ndimakulemekezani, koma musandiseweretse. Ndili ndi mkazi mmodzi, denga limodzi. Dziko lonse ndi mboni."

"Sindikukuseweretsani, mwana wa mnzanga. Bambo anu, malemu Che Mtalika, ndinawasambitsa ndi manja angawa. Mukulikumbukira tsiku lomwe tinawaika?"

Analikumbukira. Kunali mvula ya mawawa, dothi likumata ku makasu. Koma sanaone kuti mvula imeneyo ikukhudzana bwanji ndi kuba kwa Che Asedi, ndipo ananena choncho.

"Mwambo wa bungwe lathu ndi uwu," anapitiriza Shehe, mawu awo osakwera osatsika. "Bambo akamwalira, nyumba yake siifufutidwa. Tisanachoke kumanda, pemphero la duwa litatha, ndimafunsa kuti ndani aimire mayi wamasiye. Amene wayankha, nyumba ija timailemba m'dzina lake, kuti mayiyo asamayende ndi manyazi kukapempha ndalama ya sanda yake yomwe. Tsiku lija ndinafunsa. Amalume anu anayang'ana pansi. Mng'ono wanu anayang'ana kumitengo. Ine ndisanamalize funso, inu munakweza dzanja lamatope n'kunena kuti, 'Mayi anga sadzasowa sanda ine ndili moyo.' Anthu anakuyamikirani kwambiri. Inenso ndinakuyamikirani."

Che Silaji anakhala pa mkeka uja anaukana. Mawuwo anali awo, sakanawakana. Anawalankhula misozi ili m'masaya, anthu akuwaona, ndipo kuyamikiridwa kuja kunawakomera. Kenako kunabwera za dimba, mawu oipa anatuluka, iwo n'kutseka mtima. Lonjezo la kumanda linakwiririka limodzi ndi bambo awo, koma akazi awo ndi Che Asedi ankalisunga mwezi ndi mwezi osanena kanthu. Manyazi anawagwira, ndipo monga amachitira anthu ambiri ouma mutu, manyaziwo anawasandutsanso mkwiyo.

"Ndiye bwanji sanalembe dzina la mayiwo? Bwanji kundichititsa manyazi chonchi?"

"Chifukwa munapempha kuti mtolowo ukhale wanu, ndipo mtolo umalembedwa dzina la wousenza."

"Mayi amenewo anandikana pamaso pa alongo anga," anatero Che Silaji. "Dimba lomwe ndinalima ndi bambo anga analipereka kwa ena. Lero ndiziwalipirira ine? Awalipirire omwe akudya za m'dimbamo."

Shehe anatenga kathabwa kena, nakatsuka, nakaimika padzuwa pafupi ndi tinzake. Amene ankawadziwa amati Shehe Lajabu akakwiya sankakweza mawu, ankangochedwa kuyankha. Atatembenuka, anabweza kapepala kaja kwa mwini wake, ndi manja awiri ngati momwe anakalandirira.

"Za dimba sindiweruza lero, poti mbali inayo sindinaimve. Za Che Asedi ndiweruza, poti ndikuzidziwa: sanakubereni, ndipo dzina lawo lomwe mwaligubuduza m'fumbi pamsika mukalitole nokha dzuwa lisanalowe, kuyambira kwa wogulitsa nyama. Mawa mukafuna kuimirira mu mzikiti, imirirani, palibe akuletseni. Lonjezo munalipereka pagulu, mukhozanso kulibweza pagulu. Koma mudziwe chomwe mukupempha, Che Silaji. Papepalapa simunalipitsidwe kawiri. Mzere wapamwambawu ndi inu, bambo wa ana anu. Wapansiwu ndi inu, mwana wa mayi anu. Ndiuzeni woti tifufute."