Mayina Asanu ndi Awiri a Kalaliki Makwinja

Kalekale, komatu osati kale la makolo, makompyuta atafika kale m'matauni, kunali nkhalamba ina, a Makwinja. Pa unyamata wawo anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Wantchito wochokera kutali akamwalira, iwo ankangozika kachitsulo ka nambala pamanda pake. Kulemba dzina ankati n'kuwononga penti.

Ukalamba utawapeza, unawafufuta mayina onse m'mutu kupatula asanu ndi awiri: lawo, la mudzi wawo, la amayi awo, la malemu akazi awo, ndi a ana awo atatu, Ndaziona, Lameki ndi Sungeni.

Paja amati mlandu suwola. M'mawa wina nkhalambayo inasowa pakhomo. Sungeni, mwana wotsiriza, amene ankalemba mapulogalamu a pakompyuta ku Blantyre, anafika dzuwa lili paliwombo n'kupeza abale ake ataima pageti la manda a esiteti aja. Tsiku limenelo mandawo sankaoneka polekeza. Mbalame zonse zinali zii. Bambo awo anali atakhala pa mtumbira wina patali, ndipo analibe chithunzithunzi. Sungeni anachita mantha.

Kenaka mawu anatuluka m'nthaka: "Munthuyu anatimana mayina. Ngati mukumufuna, adutse pa ife osagawika. Sinthani chilembo chimodzi cha nambala, itanani, njira itseguka. Pa sitepe iliyonse atisiyire dzina limodzi. Dzuwa likalowa, ndi wathu."

Ndaziona, wamkulu pa onse, anali mphunzitsi wa masamu, ndipo ndiye ankasambitsa ndi kudyetsa bambowo kwa zaka zisanu ndi zinayi. Anagwada n'kugunditsa khutu pansi kuti amvetsetse. Mawuwo anabwereza, khutulo n'kugonthera pomwepo. Koma anadzuka atamva. "Akunena manambala osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, monga 7 kapena 13," anatero. "Andinong'oneza kuti ababa ali pa 6841, ndipo manda a pagetiwa ndi 1009. Tisinthe chilembo chimodzichimodzi, osaponda nambala yogawika." Analembalemba papepala mpaka anapeza njira ya masitepe khumi ndi imodzi.

"Achemwali, mayina alipo asanu ndi awiri okha," anatero Sungeni. "Njira imeneyo mayina athera pakati."

Sungeni anakhala pansi n'kutsegula laputopu yake. Choyamba anauza makinawo kusefa manambala onse a zilembo zinayi, kutsale osagawika okha. Kenaka anawauza kuyambira pa 6841, kusonkhanitsa onse ofikika ndi sitepe imodzi, kenaka ofikika ndi masitepe awiri, osabwerera pamene aponda kale, ngati madzi otayikira pasimenti, mpaka atakhudza 1009. Yankho linabwera asanaphethire: 6841, 6871, 1871, 1801, 1601, 1609, 1009. Masitepe asanu ndi imodzi. Iye ankafuna anayi, kuti mayina a ana onse atatu atsale. Anayendetsa pulogalamuyo katatu, akufunafuna pamene walakwitsa ngati munthu wofuna singano mu udzu. Sanalakwitse paliponse, ndipo zimenezo n'zimene zinamuliza.

Lameki, wachiwiri kubadwa, anali wakabaza, wonyamula anthu panjinga. Masamu anasiyana nawo sitandade sikisi, ndipo sankabisa. "Zanu zogawagawazo sindikuzimva," anatero. "Ndilembere padzanja pano, ndikawatenge." Sungeni anamulembera. Lameki analowa akuitana manambalawo chobwerera m'mbuyo, ndipo akatchula imodzi, mitumbira inkasendera pambali mwakachetechete, kanjira n'kuonekera. Koma paliponse pamene waponda, kuzizira kunkakwera m'miyendo yake. Pofika kwa bambo ake, kuyambira m'mawondo kutsika sankamvanso kanthu. Anadziwa kuti miyendo imeneyo sidzapalasanso njinga. Anawabereka ndithu.

"6871!" anaitana Lameki. Nkhalambayo inatchula dzina lake lomwe, nthaka n'kulimeza. Pa 1871 inasiya la mudzi wake. Pa 1801 inasiya la amayi ake. Pa 1601 inatchula la mkazi wake, ndipo misozi imene inali itayamba kutsika inauma, pakuti inali itaiwala amene ikumulirira.

Tsopano anali pafupi moti Sungeni ankaona makwinya a pankhope pawo. Kunatsala masitepe awiri, mayina atatu, ndipo dzuwa linali litapendeka.

"Ababa, tchulani, tizipita," anatero Lameki.

Nkhalambayo inakweza mutu. "Ana anga, ine kaya ndine yani, sindikudziwanso. Koma inu ndikukudziwani nonse. Ndisunge la ndani?"

Sungeni anayang'ana achemwali ake, amene anali atatembenuza khutu lotsalalo kuti amve funsolo. Anayang'ana achimwene ake, miyendo ili gwa ngati zitsa. Iye yekha ndiye sanataye kanthu, thupi lake linali lathunthu, ndipo anachita manyazi. Komatu ankadziwanso kuti popanda iye, sipakanatsala ngakhale dzina limodzi loti alimbirane. Ankafunitsitsa kumva bambo ake akumuitananso pakhomo.

Nayotu nkhani, eni ake ndinu. Wina anamasulira mawu a akufa n'kutaya khutu, wina anapeza njira yaifupi koposa, wina anabereka bambo n'kutaya miyendo. Dzuwa silikudikira. Kodi a Makwinja atuluke pagetipo ndi dzina la ndani?