Odwala Amene Anagwa M'mabuku

Panali dokotala wina m'tauni ina, munthu wofatsa, wokonda kuwerenga. Ankafuna kudziwa kuti odwala matenda ena a mtima amakhala ndi moyo nthawi yaitali bwanji. Anasonkhanitsa malipoti makumi awiri a anzake ofufuza, nawaphatikiza kukhala limodzi. Onse ankati ambiri satha chaka. Mukuwadziwa anthu ophunzira, pepala likanena, basi kwatha. Sanafunse kuti anzakewo anawerenga bwanji odwalawo.

Tsiku lina kunabwera mayi wodwala matenda omwewo, amene mwana wake wamkazi anali pachitomero.

"Adokotala, musandibisire. Ukwati wa mwana wanga chaka chamawa ndidzauona?"

"Pepani mayi, mabuku akuti ayi."

Mayi uja anathokoza, napita. Atafika kwawo anasiya mankhwala. Anati munthu woti ali kale panjira amwerenji?

Patapita milungu, dokotala anawerenganso malipoti aja mofatsa, ndipo anagwira pakamwa. Ofufuzawo anatsatira okhawo amene ankabwereranso kuchipatala atadwalika. Amene anapeza bwino n'kupita kukalima, mayina awo anangogwa m'mabuku. Komanso malipoti asanu ankanena za odwala omwewo, ngati munthu woyeza thumba limodzi kasanu n'kumati nkhokwe yadzaza.

Lipoti lake linali litatchuka kale, anzake akumuombera m'manja. Akanatha kukhala chete. Koma anakwera minibasi, nafunsafunsa njira mpaka pakhomo pa mayi uja. Anamupeza pamphasa, miyendo itatupa. Dokotala wamkulu uja anagwada pansi.

"Mayi, ndinakuuzani zimene sindinafufuze bwino. Masiku anu sindiwadziwa. Mundikhululukire, ndipo chonde yambaninso mankhwala."



"Ulendo wonsewu kudzandiuza kuti simukudziwa?" Mayi anaseka, misozi ikutsika. "Chidwalireni, palibe anandiuzapo mawu okoma ngati amenewa."

Kenako anaitana mwana wake kuti abweretse madzi ndi mapilitsi.

Abale anga, nkhaniyi imandigwira mtima chifukwa inenso ndinachitapo zomwezi. Timati uyu sangasinthe, banja ili latha, poti anthu ambiri akutero. Chonsecho ambiriwo mwina anamva kwa munthu mmodzi, ndipo amene Mulungu anawadzutsa palibe anawawerenga. Musanamuuze mnzanu kuti zake zatha, funsani kaye kuti anasiyidwa ndani powerengapo. Ngati munamuuza kale, nyamukani lero lomwe mukamupepese, pakuti mwina iye anakukhulupirirani.