Zimene Lekeleni Anaona M'ndowa

Mawu ena timangowatola pakamwa pa akulu osafunsa kumene anabadwira. Amene ndikuuzeni lero akuti anabadwira pachitsime, dzuwa lili paliwombo.

Kale, m'mudzi wina wa kumapiri a ku Ntcheu munabwera mtengwa, dzina lake Lekeleni. Kwawo kunali kutali, ulendo wa masiku awiri. Mwamuna wake Lufeyo atangofolera nyumba anapita kukagwira ntchito kuminda ya fodya, n'kumusiya pakati pa anthu osawadziwa. Sanali anthu oipa ayi. Ankamupatsa moni, iye n'kuyankha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lomupweteka linali Loweruka. Masana akazi ankakhala pamthunzi awiriawiri, wina atatsamira miyendo ya mnzake, kulukana tsitsi uku akuseka. Lekeleni ankawaonera pakhomo pake, akunamizira kusankha nyemba. Kwawo ankamuluka ndi mkulu wake, koma kuno analibe mwendo woutsamira. Kupempha ankachita manyazi, ndipo anzakewo ankayesa kuti ndi wonyada.

Choncho ankadzimanga tsitsi yekha ndi ulusi wakuda, manja ali m'mwamba mpaka mapewa kuwawa. Poti ntchitoyo inali yowawa, ankakoka zolimba kuti tsitsi likhale miyezi iwiri osamasuka. Pamwamba pake ankamanga duku, nalonso lothina. Tsiku limene wamanga kumene ankayenda wopanda duku, ndipo akazi ankati, “Koma mwatchena, mtengwa!” Kupatula moni, mawu okhawo ndi amene ankawamva m'mudzimo. Ndiye ulendo wotsatira ankakoka kuposa kale.

Tsitsi silitsanzika pochoka. Poyamba mutu unkamuwawa masiku atatu akamanga. Kenaka m'mphepete mwa mphumi munatuluka tiziphuphu. Pomasula, ulusi unkabwera ndi tsitsi lozuka ndi muzu womwe, ndipo chipeso chinkadzaza. Iye ankati, “Ndi madzi a kunowa, sindinawazolowere.” Kalilole wake anali kachibenthu koonetsa maso ndi mphuno basi. Pamwamba pa makutu sankaonapo.

Ena onse ankaona. Apongozi ake anaona, koma mpongozi sanena za thupi la mtengwa. Akazi a pamthunzi anaonanso, nanong'onezana kuti, “Mphumi ya mtengwa ikukwera phiri.” Akakumana naye, ankamwetulira.

Moyandikana naye munkakhala aNamaseko, mayi wamasiye amene pakamwa pawo pankaopedwa ndi mudzi wonse. Lekeleni akamva kutsokomola kwawo ankalowa m'nyumba. Ngakhale madzi ankakatunga masana, anthu atachoka pachitsime.

Tsiku lina atadzaza ndowa, anamva mawu kumbuyo kwake.

“Mtengwa, ima ndikutwike.”

“Musavutike, mayi, ndimatha ndekha.”

“Kuti umatha wekha mudzi wonse ukudziwa. Werama.”

Lekeleni anawerama kuti agwire ndowa. Koma aNamaseko ndowayo sanaikhudze. Anamuvula duku, namutsina khutu, napotoza mutu wake pamwamba pa madzi.

“Mayo! Ndalakwanji ine, mayi?”

“Khala chete, madzi adekhe. Eya. Tsopano yang'ana.”

Madzi atadekha, Lekeleni anaona mbali ya mutu wake imene anali asanaione chifikireni. Pamwamba pa khutu panali poyera ngati njira ya mbuzi, ndipo zingwe za ulusi zinayambira kutali, pafupi ndi pakati pa mutu. ANamaseko anatsina khutu linalo. Nakonso kunali chimodzimodzi.

“Koma onse amati ndatchena,” anatero Lekeleni.

“Nkhuku yososoledwa nayonso imaoneka yaukhondo. Ukufuna Lufeyo adzapeze dazi loposa la agogo ake?”

Lekeleni anakhala pansi nalira. Sankalirira tsitsi lokha. Ankawerenga mumtima nkhope zonse zimene zinamumwetulira miyezi yonseyo.

ANamaseko anamusiya alire, kenaka anayendetsa chala pakhungu paja.

“Apa pali titsitsi tofewa, mizu ikadali ndi moyo. Apanso chimodzimodzi. Koma kamalo aka kasalala, kakunyezimira. Apa tachedwa, mwanawe, sindikunamiza. Zikanakhala zigamba zoyabwa, zofundula, bwenzi ndikukuperekeza kuchipatala. Izi ndi za ulusi wakowu. Lero lomwe umasule. Mwezi wathunthu mutu upume. Chipeso chothinana uchisiye, uzilekanitsa ndi zala, tsitsi lili lonyowa, utadzola timafuta ta nsatsi kuti lisathyoke. Duku uzingoyika, si mtolo wa nkhuni uwu. Ndiponso uzidya. Ndimaona utsi kwanu kamodzi patsiku. Nyemba, masamba, mazira, zimenezo tsitsi limadya nawo. Ukadzayambanso kuluka, ukamva kuwawa dziwa kuti likuzuka.”

Lekeleni anatola duku lake. Kenaka ananena zimene anali asanauzepo munthu.

“Nanga adzandiluka ndani, mayi?”

“Aa! Manja angawa ndinabwereka kwa munthu? Ndidzakuluka ndine. Nyamuka tizipita.”

Madzulo amenewo anamumasula okha pakhonde pawo, pang'onopang'ono, akumukalipira pa mfundo iliyonse. Mvula itagwa n'kutha, tsitsi linali litabwerera mbali zonse ziwiri. Kamalo kosalala kaja kokha, kokula ngati chala chachikulu, sikanamerenso mpaka ukalamba wake. Atsikana akamufunsa za kamaloko ankawayankha kuti, “Apa ndi pamene anthu anandichitira ulemu. Penapo ponse ndi pamene munthu mmodzi ananditsina khutu.”

Kuchokera pamenepo anthu anayamba kunena kuti: wakutsina khutu ndi mnansi.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene amakuchenjeza, ngakhale mawu ake awawe, ndiye amakufunira zabwino. Pali mbali za moyo wathu zimene sitingathe kuziona tokha, monga mmene munthu sangaonere pamwamba pa khutu lake. Oyamikira ndi ambiri, chifukwa kuyamikira sikuvuta. Wochenjeza amayika ubwenzi pachiswe, podziwa kuti mwina mum'kwiyira. Choncho wina akakutsinani, musathamangire kusisita khutu. Yambani mwayang'ana kumene akukulozerani, mizu ikadali ndi moyo.