Khungu la Ndaziona

Panali munthu wina wa ku yunivesite amene ankafufuza matenda a mitsempha ya ubongo, matenda osowa kwambiri moti madokotala ambiri amapuma pa ntchito asanawaonepo. Anzake ankalimbana ndi malungo ndi TB, ndipo ankadyera limodzi nkhomaliro. Iyeyu analibe wokamba naye. Akangoyamba kufotokoza za ntchito yake, aliyense ankakumbukira kuti ali ndi foni.

Kunali kamtsikana kena, Ndaziona, kamene miyendo yake inkalefuka chaka ndi chaka chifukwa cha matendawo. Mayi ake analola kuti munthu uja achotse kachidutswa ka khungu pamkono wa mwanayo. M'kachidutswako anatengamo maselo, tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso, n'kumawaweta m'timbale mu labu. Ankawadyetsa ngakhale Lamulungu. Imvi zinamera akuweramira timbaleto.

Ndaziona anamwalira, koma maselo ake anapitiriza kuswana.

Tsiku lina mayi aja anafika ku labu, fumbi lili mbuu kumapazi.

"Adokotala, mwana uja tinamuika, koma tinamuika wosakwanira. Mtima wanga sukukhazikika. Ndabwera kudzatenga chotsalacho."

Munthu uja sankadziwa wodwala wina wotere kulikonse, ndipo anali atangoyamba kuona pamene maselowo ankalakwitsa. Akanatha kunena kuti maselowo anafa kalekale. Ndani akanamutsutsa?

Iye anawakhazika mayiwo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi iyeyu?"

"Ndi iyeyo, mayi."

Anasonkhanitsa timbale tonse, ndi timabotolo ta mufiriji tomwe, osatsalako n'kamodzi komwe. Anamata bwinobwino. Mayi aja anakulunga m'chitenje n'kufukata pachifuwa ngati khanda. Iye anawaperekeza mpaka pa depoti, ndipo atabwerera anazimitsa makina amene ankafunditsa maselowo. Anakhala pansi n'kulira. M'khonde anthu ankadutsa akuseka zawo.

Inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, simudzagwira chinthu chopanda mwini. Magazi, khungu, ngakhale misozi ya odwala, zonsezo n'zobwereka. Mudzazisamalira mpaka mudzaziyesa zanu. Ndiye mwini wake adzagogoda muli nokha, popanda mboni, bodza lili pafupi. Mudzabweze zonse. Zidzakupwetekani, ndipo palibe adzakuombereni m'manja.